Njovu izi sizikumenyana, zikudyera limodzi m'munda mwathu

Anyamata athu agawanika ngati otsatira Arsenal ndi Manchester United. Awa akuti PlayStation ikubwerayo idzakwirira Xbox, awo akuti Microsoft ili ndi thumba lakuya, ena aimika Nintendo. Ine ndikuti mkanganowu ndi wa eni ake. Munthu wa ku Chama amene akuwombera m'manja makampani amenewa akusangalalira mpikisano umene mphotho yake ndi kumutsekera iye yemwe kunja.

Tiyambe ndi momwe makina a gemu amafikira kuno. Palibe amene amatsika basi ya ku Lundazi atanyamula bokosi losamatula. Makina amabwera ngati zovala za salaula: anagulidwa ku London kapena ku Johannesburg, anatopetsa mwini wake, anadutsa ku Lusaka ndi ku Chipata, kenaka anafika m'kachipinda ka pa msika momwe ana amalipira ndalama yachitsulo kuti asewere mpira pa TV. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, ndipo Sony inagulitsa makina oposa 160 miliyoni. Inafika mpaka kumidzi chifukwa inali yosavuta: ika disiki, sewera. Sinkafunsa dzina lako, dziko lako kapena khadi la ku banki. Disiki unkabwereka kwa mnzako, ukatopa nayo n'kuigulitsa.

Njira imeneyi ndiyo akuitseka, ndipo onse atatu agwirako chitseko. Mu November 2020 Sony inatulutsa PlayStation 5 ya mitundu iwiri, ya disiki pa madola 499 ndi yopanda polowetsa disiki pa madola 399. Mwezi womwewo Microsoft inabweretsa Xbox Series S, nayonso yopanda polowetsa disiki. Mu November 2024 kunabwera PlayStation 5 Pro ya madola 699, ndipo wofuna choŵerengera disiki anauzidwa kuti agule padera. Nintendo, imene ambiri ankaiyesa bwenzi la mabanja, inatulutsa Switch 2 pa 5 June 2025, ndipo magemu ena akugulitsidwa pa timakhadi tomwe mulibe gemu, muli kiyi chabe yoti ukatsitsire gemuyo pa intaneti. Kodi amenewa ndi adani? Mu June 2025 Microsoft inalengeza kuti makina ake otsatira ikupanga limodzi ndi kampani ya AMD, yomweyonso imene inapanga ubongo wa PlayStation 5.

Kwathu kuno, m'chigwa cha Luangwa, njovu timazidziwa. Amati zikamenyana umavutika ndi udzu, koma mlimi wa kwa Chikwa kapena kwa Chifunda angakuuzeni kuti choopsa si njovu zolimbana. Choopsa ndi njovu zogwirizana, zimene zalowa m'munda usiku umodzi.

Chimene akufuna ndi chakuti tisagulenso, tizichita lendi. Microsoft inawononga madola pafupifupi 69 biliyoni kugula Activision Blizzard mu October 2023, ndipo mu October 2025 inakweza mtengo wa Game Pass Ultimate kufika pa madola 29.99 pamwezi. Ukaleka kulipira, magemu onse apita. Ngakhale gemu yogula siili m'manja mwako: mu March 2024 Ubisoft inazimitsa makompyuta oyendetsa gemu ya The Crew, ndipo amene anali ndi disiki anatsala ndi chinthu chongoyenera kuwopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gemu yokhala pa kompyuta ya munthu wina ku America ndi fodya wapachala.

Tsono ganizirani za ife. Magemu ena akuluakulu amaposa magigabaiti 100. Ndani ku Chama adzagula mabando a MTN, Airtel kapena Zamtel okwanira zimenezo, pa netiweki yomwe imathawa ukangotsikira kudambo? Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankasowa pafupifupi tsiku lonse m'dziko muno. Gemu ya pa disiki umaisewera ola lomwe malaiti abwera. Gemu yotsitsa imadya ola lomwelo iwe ukungoyang'ana kamzere kakukwawa. Pamwamba pa izo, Zambia siili pa mndandanda wa maiko ololedwa kutsegula akaunti ya PlayStation Network. Wosewera wa kuno amayenera kudzitcha wa ku South Africa kapena ku Britain kuti alowe m'sitolo yomwe akufuna kukasiyamo ndalama zake. Mkuwa wa ku Copperbelt ndi wolandiridwa pa msika wa dziko lonse, Patson Daka amathamanga m'magemu a mpira, koma dziko lake mulibe m'kaundula.

Ndikuwamva kale akulu ena akudandaula: mpunga ulibe msika wabwino, misewu imaduka dzinja lililonse, inu mukulira zoseweretsa za ana? Ndikuyankha kuti nkhaniyi si ya zoseweretsa. Kachipinda ka magemu ndi ntchito ya mnyamata amene anamaliza Giredi 12 n'kusowa kolowera. Ndi momwe mwana amakhudzira makina koyamba, ndi momwe wokonza mafoni amaphunzirira kutsegula chinthu n'kuchibwezera moyo. Komanso msampha umenewu sudzathera pa gemu. Ku America alimi akhala akulimbana ndi kampani ya John Deere pa ufulu wokonza okha mathirakitala omwe anagula ndi ndalama zawo. Lero ndi gemu, mawa ndi pampu ya sola kapena chigayo chomwe chikana kuyaka mpaka chilankhule ndi mwini wake weniweni kutsidya la nyanja.

Ena akuti n'kulira kwa chule, sikuletsa ng'ombe kumwa madzi. Aiwala za 2013. Chaka chimenecho Microsoft inalengeza kuti Xbox One iziyenera kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 alionse, ndipo inaika malire pa kubwereketsa ndi kugulitsa madisiki. Ogula anakwiya, Sony inapezerapo mwayi wowaseka poyera, ndipo mu June momwemo Microsoft inabweza mawu. Makampani amenewa alibe chisoni, koma ali ndi makutu pamene ndalama ikufuna kuthawa.

Choncho makina atsopano akadzalengezedwa, musandiuze za kuwala kwa zithunzi kapena thukuta looneka pamphumi pa wosewera. Ndifunseni mafunso anayi. Kodi ali ndi polowetsa disiki, ndipo gemu yonse ilidi pa disikipo? Kodi amayaka popanda intaneti? Kodi ndingawagulitse kwa mnzanga pamodzi ndi magemu ake? Kodi mnyamata wa pa msika angawatsegule n'kuwakonza? A ZICTA ndi a bungwe loteteza ogula la CCPC nawonso afunse chifukwa chake katundu akugulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka pamene eni ake sakulidziwa dziko la Zambia. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku London, amene mumatitumizira makinawa, gulani a disiki, chifukwa pambuyo pa inu pali ana ambiri oyembekezera.

Kampani yoyankha inde pa mafunso anayiwo ndiyo yapambana, kaya dzina lake ndi liti. Zikakana zonse, palibe timu yathu m'bwalomo, ndipo sindikuona chifukwa choti tisasire mawu.