Ngodya ya Kompyuta: Chobisika Sichinatayike

Mlembi wa kalabu ya alimi akatsegula fulashi n'kupeza kuti kaundula wa mamembala ndi malipoti a ngongole za feteleza sizikuoneka, amaganiza zofufuta zonse n'kuyambiranso. Kumeneko n'kupupuluma. Kawirikawiri vayirasi imangobisa mafayilo, osati kuwawononga.

Potsimikiza pake ndi pa zenera lakuda lolembapo malamulo, lotchedwa Command Prompt mu Windows. Mlembiyo alembe chilembo cha fulashiyo, monga E:, n'kudina Enter. Lamulo la dir limandandalika mayina a mafayilo ndi mafoda, kukula kwa fayilo iliyonse, ndiponso tsiku limene inasinthidwa komaliza. Lamulo la dir /a limaonetsa ndi obisika omwe. Akaoneka, attrib -h -s /s /d imawabwezera poyera.

Mu Linux ntchito yondandalikayi imagwiridwa ndi ls, lamulo lomwe linalipo kale mu Unix ya 1971. Kulemba ls -l kumapereka tsatanetsatane, pomwe ls -a imaulula mafayilo obisika.

Malamulo a dir ndi ls saononga kanthu chifukwa amangowerenga. Motero mlembi wanzeru amayamba wayang'ana asanafufute, kenaka amachotsa vayirasiyo n'kusunga makope pena.