Nandolo wa ku Phalombe ayezedwe tisanamutaye

Mukafika pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa mvula ikuyandikira, mupeza amayi atayala nandolo m'mabeseni. Mukafunsa kuti, "Mayi, ameneyu ndi nandolo wanji?" yankho silichedwa: "Ndi Mthawajuni, bambo." Mukasuntha pang'ono, enanso akuuzani chimodzimodzi. Koma tatapani, muyang'anitsitse m'dzanja. Wina ndi wofiirira, wina wamawangamawanga, wina njere zake n'zazing'ono zoyererako. Amayiwo sakunama ayi. Njuchi zimakonda maluwa a nandolo, ndipo zimanyamula mungu kuchoka m'munda uno kukausiya m'munda wa mnansi. Minda ya ku Phalombe ndi yaing'ono, yogundana malire, choncho pakapita zaka, mbewu imene munthu anapatsidwa ndi apongozi ake imakhala itasintha, dzina lokha ndi limene latsala.

Asayansi ali ndi njira yodziwira chenicheni cha mbewu posadalira dzina kapena maonekedwe. Amathothola kachidutswa ka tsamba lanthete n'kutulutsamo DNA, uthenga wa chibadwa umene umalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Pali malo ena mu uthengawo pamene zilembo ziwiri kapena zitatu zimangobwerezedwa, monga AG AG AG. Mu nandolo wina zibwerezedwa kakhumi, mwa wina koposa apo. Malo oterewa amawatcha SSR. Makina akawachulukitsa n'kuwayeza utali, malo ambiri akaikidwa pamodzi, mtundu uliwonse umaonetsa chizindikiro chakechake, ngati chidindo cha chala. Pamenepo zimadziwika kuti mbewu ziwiri n'zapachibale kapena n'zotalikirana, ndiponso ngati thumba lolembedwa kuti Mwaiwathualimi lilidi ndi nandolo wa mtundu wa Mwaiwathualimi.

Kwa nandolo ntchitoyi inayamba kale. Mu 2011 bungwe la ICRISAT, lomwe likulu lake lili pafupi ndi Hyderabad ku India, pamodzi ndi anzawo anamaliza kuwerenga DNA ya mtundu wotchedwa Asha. Mu 2016 ofufuza anasindikiza zotsatira za kuyeza mitundu yotchuka ya nandolo ya kuno kwathu ndi SSR, ndipo anapeza kuti mitunduyo ingathe kusiyanitsidwa bwinobwino. Ine nkhawa yanga ili pa nandolo wa m'manja mwa alimi, amene sanalowepo m'buku la munthu aliyense.

Tikumbuke zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1980. Matenda ofota, oyamba ndi kachirombo ka m'nthaka ka Fusarium, anaumitsa nandolo m'minda yambiri ya kumwera. Mu 1987 kunatulutsidwa mtundu wa ICP 9145, umene alimi amaudziwa kuti Sauma, ndipo unapirira matendawo. Mtundu umenewu unali nandolo wamakolo wa alimi a ku Kenya, amene wina anamutolera n'kumusunga bwino. Mtundu wina, Kachangu, unabwera pambuyo pake, mu 2000. Ndani angatsimikize kuti m'munda wa gogo wina kuseri kwa phiri la Michesi mulibe nandolo wopirira matenda amene sanafike?

Mbewu ikakhala ya muzu umodzi, matenda amodzi amaipsereza yonse. Makadamiya amene amalimidwa m'maesiteti a ku Thyolo ali ndi mbiri yochititsa mantha pa nkhaniyi. Mu 2019 ofufuza a ku Australia atayeza DNA anapeza kuti mitundu yambiri ya malonda, imene inafalikira kudzera ku Hawaii, inachokera ku kagulu kochepa ka mitengo pafupi ndi Gympie ku Queensland, mwinanso ku mtengo umodzi wokha. Ndi maso palibe akanazindikira zimenezo.

Nandolo wathu akupanikizidwa mbali ziwiri. Msika ukufuna wofanana, woyera, wa njere zazikulu, makamaka chifukwa mu 2021 India inagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 pachaka. Sindikuimba mlandu mlimi amene akutsata ndalama, pakuti fizi ya mwana imachokera m'thumba lomwelo. Koma mayi wophika makata amafuna nandolo wotsekemera akadali wamuwisi, wophika chipere amafuna wosachedwa kupsa, ndipo zimenezi vendala wa sikelo sazifunsa. Mbali yachiwiri ndi madzi. Namondwe Freddy atagunda mu Malichi 2023, ku Nkhulambe matope ndi miyala zinakwirira minda ndi nyumba, ndipo mbewu yosungidwa m'nyumbazo inapitira limodzi. Mbewu ya chithandizo imapulumutsa moyo, koma imabwera ya mitundu yowerengeka.

Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu, ndipo ku Bunda kuli ophunzira ofuna mitu ya kafukufuku. Ndikupempha kuti apite ku Phalombe limodzi ndi alangizi, ayende mudzi ndi mudzi nyengo yokolola, atape nandolo wodzaza dzanja pakhomo lililonse limene lavomera, alembe dzina la mudzi ndi zimene mwini mbewu akunena: amacha liti, amafumbwa msanga kapena ayi, amakoma bwanji. Akayeza DNA, wofanana asachulutse malo m'nkhokwe, wosiyana asungidwe mosamala. Ndipo zotsatirazo zibwererenso ku Phalombe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kuti mayi wa pa Migowi adziwe ngati nandolo wa m'beseni mwake amapezeka paliponse kapena watsala kwa iye yekha.