Makina Aphunzire Kulankhula ndi Mlimi

Tsiku lina titamaliza mapemphero a mphakati, mai wina wamasiye anatipatsa foni yake kuti timuthandize. Mwana wake wa ku Lusaka anali atamutumizira ndalama zogulira mbeu ya cimanga. Maiyu anayesa yekha kuona ngati zafika. Foni inamuonetsa mizere ya Cizungu, ndipo asanamalize kuwerenga mzere waciwiri, zonse zinazimiririka. Anayambanso, manja akunjenjemera, nalakwitsa nambala yacinsinsi katatu, ndalama n'kutsekeredwa. Anacita kukwera njinga ya hayala kupita ku tauni ya Chipata ndi NRC yake, ndipo gawo la ndalama za mbeu linathera pa ulendo. Potipatsa foniyo anati, "Aphunzitsi, ine ndine mbuli, izi n'za ana asukulu."

Mau amenewa atiwawa mpaka lero. Mai ameneyu amasiyanitsa mbeu yabwino ndi yofumbwa pongoigwira. Amadziwa pamtima ngongole ya munthu aliyense m'gulu lao losunga ndalama. Munthu wotere ndi mbuli? Ife tikuti colakwa cili kwa amene anapanga makinawo osamuganizira iye.

Tiyeni tione kumene vutoli linacokera. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a kampani ya Xerox ku Palo Alto, m'dziko la America, anaganiza zoti nkhope ya kompyuta izioneka ngati tebulo la mu ofesi, lokhala ndi mapepala ndi zikwama za mafaelo. Mu 1984 kampani ya Apple inafalitsa nzeru imeneyi ndi kompyuta yochedwa Macintosh. Kalaliki anaona zinthu zimene anazizolowera kale, ndipo zinamukomera. Mafoni amakono atabwera, anadzaza ndi timapulogalamu, kalikonse ndi khomo lake ndi kiyi wake. Koma mlimi wa ku Chiparamba sadzuka m'mawa n'kufunsa kuti atsegule pulogalamu iti. Iye afuna kudziwa ngati feteleza wafika, ngati mvula ili pafupi, ndiponso mtengo wa nshawa pa msika wa Kapata.

Ngakhale ena mwa opanga makompyuta anaiona nkhaniyi. Jef Raskin, amene anayambitsa nchito yopanga Macintosh, analemba buku mu 2000 lochedwa The Humane Interface. Mfundo yake inali yakuti munthu amaiwala, amatopa, amalakwitsa, ndipo makina abwino ayenera kupangidwa moganizira zofooka zimenezi, kuti wolakwitsa athe kubwerera m'mbuyo osataya kanthu. Kwathu kuno nzeru imeneyi si yacilendo. Wosema mpini amayamba waona msinkhu wa mwini khasu.

Nkhaniyi yafika pa cakudya cathu. Kucokera mu 2015 boma linayamba kupereka thandizo la FISP kudzera mu e-voucher m'maboma 13, ndipo mu 2017 njirayi inafalikira m'dziko lonse. Tonse tikumbukira alimi amene analipira K400 yao koma makadi n'kucedwa kutsegulidwa, ena n'kumadikira netiweki pa khonde la wogulitsa feteleza mvula itagwa kale. Caka cotsatira maboma ambiri anabwezedwa ku njira yakale, ndipo pambuyo pake e-voucher inabweranso. Ife sitidana nayo njirayi. Ili ndi ubwino wake, pakuti mlimi amasankha yekha zimene munda wake ufuna. Koma thumba la feteleza likadalira uthenga wa pa foni, wosatha kuuwerenga amaupereka kwa mdzukulu, kwa mwana wa mnansi kapena kwa mnyamata wa pa kanyumba kotumizira ndalama. Ambiri mwa othandizawa ndi okhulupirika. Ena si otero, ndipo nkhalamba imene yaulula nambala yake yacinsinsi ilibe poyambira kudandaula.

Tsono tikupempha ciani?

Coyamba, makina alankhule, ndipo alankhule Cinyanja comveka. Anthu athu amamvera Radio Maria ndi Breeze FM tsiku lililonse popanda wowaphunzitsa. Agogo amene salemba dzina lao amatumiza uthenga wa mau pa WhatsApp kwa adzukulu a ku Kitwe. Kwa anansi athu ku Malawi, mu 2011 m'boma la Balaka anayambitsa Chipatala cha pa Foni, kumene munthu amaimba mwaulere nalankhula ndi wazaumoyo m'cinenero cake. Ngati zinatheka pa matenda, zilephereke bwanji pa feteleza ndi pa ndalama? Mlimi aimbe nambala imodzi, anene cimene afuna, ayankhidwe.

Caciwiri, makina akhale oleza mtima ndi okhululuka. Asatseke citseko munthu akali kuwerenga. Ndalama zisanapite, foni ichule mokweza dzina la wolandira ndi kuculuka kwa ndalamazo, ndipo pakhale kanthawi koti wolakwitsa nambala abweze zake mosavuta. Ngakhale pa msika, wogulitsa akakupatsa cenji colakwika umabwerera n'kukonza.

Cacitatu, opanga adziwe kuti m'midzi yambiri foni imodzi ndi ya banja lonse, ndipo kuthandizana ndiwo mwambo wathu. Apange njira yoti nkhalamba isankhe mthandizi wodziwika, wolembedwa dzina, amene angaione nkhani ya feteleza koma osatha kutapa ndalama. Kungouza anthu kuti asaulule nambala yacinsinsi, pamene sangathe kuigwiritsa nchito okha, n'kuwasiya pa mphambano usiku.

Cacinai, cinthu cisanatulutsidwe ciyesedwe kumene cikagwire nchito. Abwere naco ku Mtenguleni kapena ku Kalichero mwezi wa Novembala, pa kafoni ka mabatani kong'ambika galasi, dzuwa lili pamutu, m'manja mwa munthu wa maso otopa amene wacokera kumunda. Akaona anthu atatu mwa asanu akusokonezeka pa malo amodzimodzi, abwerere akakonze. Ndipo pa mapeto pa njira iliyonse pakhale munthu, mlangizi wa zaulimi kapena kalaliki, woti n'kumufikira makina akakana.

Ena adzati zimenezi n'zodula, ndiponso kuti mankhwala eni-eni ndi sukulu ya akulu. Sukulu ya kwaca tiifuna ndithu, ndipo ena a ife taphunzitsamo. Koma mvula sidikira kuti munthu amalize buku loyamba. Za kudula, tiwerengerenso ndalama za maulendo opita ku tauni, masiku otayika pa mzere, ndi zokolola zocepa cifukwa cobzala mocedwa. Mtengo umenewu ulipo kale, kungoti amaulipira ndi wosauka.

Pempho lathu lipite ku Unduna wa Zaulimi, ku ZICTA, ku Bank of Zambia ndi kwa aphungu athu a kuno kum'mawa: musanavomereze njira yatsopano, funsani ngati mai wosawerenga Cizungu angaigwiritse nchito yekha. Kwa ana athu ophunzira za makompyuta ku UNZA ndi ku Copperbelt University tikuti, pobwera ku holide khalani pansi ndi ambuye anu, muone pamene cala cao cikuima, pakuti nchito yanu ili pamenepo.

Nafenso tisakhale cete. M'miphakati ndi m'makopaletivu tizilemba mavuto amene tikumana nao, tsiku ndi malo, n'kuwapereka kwa alangizi ndi makhansala. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Ndipo tileke kuseka okalamba akamavutika ndi foni.

Mai wamasiye uja anabzala anzake atayamba kale kupalira. Caka cino mwana wake adzatumizanso ndalama, ndipo foni ikali yomweyo.

Katekisiti, Chipata