Chidani chimayambira pakhomo la shopu

Abale ndi alongo, makamaka inu a pa tuntemba ndi mashopu a m'mbali mwa Great East Road kuno ku Silverest, khalani pansi pang'ono tikambirane.

Pa 1 Epulo 1933 anyamata a chipani cha Hitler anaima pamakomo a masitolo a Ayuda ku Germany, nkumauza anthu kuti asagule kumeneko. Nthawiyo kunalibe zipinda za gasi. Kunali zikwangwani ndi bodza loti Myuda ndiye wasaukitsa dziko. Usiku wa 9 Novembala 1938 anaphwanya masitolo aja, natentha masunagoge. Pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa, ena kuwomberedwa m'maenje, ena ndi gasi ku Auschwitz ndi Treblinka.

Mwina mukuti, za ku Ulaya izo, ife zitikhudza pati? Mu 1938 mnyamata wachiyuda, Simon Zukas, anafika mu Northern Rhodesia kuchokera ku Lithuania. Patapita zaka zitatu, Ayuda akwawo ku Ukmergė anaphedwa zikwizikwi. Iye anakulira kuno, nalowa m'gulu la omenyera ufulu mpaka atsamunda anamuthamangitsa mu 1952. Pambuyo pake anakhala nduna m'boma la a Chiluba. Dziko linamulandira ali mlendo, ndipo linapindula naye.

Nanga za Epulo 2016 mwaiwala? Mphekesera inamveka mu Lusaka kuti anthu a ku Rwanda akupha anthu kuti malonda awayendere. Mashopu awo anathyoledwa m'makomboni, mabanja nkuthawira ku tchalitchi cha St Ignatius. Sindikuti Lusaka inasanduka Germany, ayi. Kuja linali boma lenilenilo lokonza zopha mtundu wonse. Koma poyambira mpamodzi: mlandu kuuika pa mtundu wa wamalonda, anansi nkumaonerera ali chete.

Ndikudziwa, zimawawa mlendo akatsitsa mtengo wa shuga, makasitomala nkukuthawani. Imeneyo ndi nkhani ya malonda, ipite kwa akuluakulu a msika. Ngati wina mukumuganizira mlandu, pitani ku polisi ndi dzina lake, mtundu wake muusiye.

Tsono pempho langa ndi ili. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti anthu akutiakuti ndi afiti kapena akuba ukafika pafoni panu, uthere pomwepo. Ndipo mawa mukamatsegula shopu, mneba wachilendo uja mupatseni moni anthu akuona.

Mtendere ukhale nanu nonse.