Buku lija ndalimaliza, koma njala ya Febuluwale mulibemo

Abale anga, makamaka inu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene mwakhala mukulitama buku la Michael Pollan lija, The Omnivore's Dilemma: ndaliwerenga mpaka kumapeto, ndipo kunena mosapsatira, landigwiritsa mwala.

Kwa amene simunalione, linatuluka mu 2006 ku America. Mlembi wake ndi mtolankhani amene anafuna kudziwa komwe chakudya chake chimachokera. Anayambira m'minda ya chimanga ku Iowa, kumene chimanga n'chochuluka moti chambiri amadyetsa ng'ombe, china amapangira manyuchi otsekemeretsa zakumwa, china mafuta a galimoto. Mkuluyu mpaka anagula ng'ombe yakeyake n'kuilondola kukafika kukhola lonenepetsera ku Kansas. Pamenepo ndiye anagwira ntchito, tisamunamizire. Wanenanso zoona kuti mlimi wa ku Iowa naye amagulitsa chimanga pa mtengo wosabweza zimene walowetsa m'munda. Kungoti iyeyo boma limamuwonjezera kangachepe, pamene ife venda akatitsitsira mtengo, nkhani yathera pomwepo.

Tasiyana pa mankhwala amene akupereka. Akutamanda famu ina ya ku Virginia, Polyface, kumene nkhuku zimatsatira ng'ombe kubusa n'kumatola mphutsi m'ndowe. Kenako akupita kutchire ku California kukasaka nguluwe ndi kuzula bowa, kuti adye chakudya chimene akuchidziwa chiyambi chake. Komatu umenewu ndiye moyo wathu wa tsiku ndi tsiku kuno! Nkhuku zachikuda zimadzitolera zokha, bowa timazula nyengo ya mvula, nandolo timabzala pakati pa chimanga kuyambira nthawi ya agogo. Tikatengera bukuli, ife a ku Migowi ndi ku Chiringa tili m'paradaiso. Nanga bwanji Febuluwale akafika timasiya munda wathu uli ndi udzu n'kukapalira wa mnzathu kuti atipatse kandowa ka chimanga?

Vuto la Pollan ndi la munthu amene zakudya zamuchulukira mpaka kusowa chosankha. Lathu ndi lakuti chakudya chochokera pafupi chimatha tsiku limodzi kwa mudzi wonse. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakwirira minda ndi mchenga ndi miyala, ndipo akuluakulu anakumbukira napolo wa 1991 uja wochokera ku Michesi. Unalibe iwe, analibe mnansi wako, analibe amalume ako kutsidya kwa mtsinje. Chimene chinatisunga ndi matumba obwera pa malole kuchokera kutali, olimidwa ndi anthu amene sitidzawadziwa. Chakudya chakutali chimene bukuli likuchikayikiracho, munthu amene wagona ndi njala safunsa kuti chalimidwa ndi ndani.

Ndiye pali msewu wina umene chakudya chimayenda, wochoka kwa ife. Nandolo wathu ambiri amakathera ku India. Mu 2017 boma la kumeneko linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo mtengo kuno unagwa chagada. Anthu anangounjika matumba m'nyumba mpaka anankafumbwe anachita nawo phwando. Amene anasainira lamulolo ku New Delhi Phalombe sakuidziwa, koma fizi ya ana athu inathera pa tebulo lake. Mutu woterewu ndinaufunafuna m'bukumo, sindinaupeze.

Mwina mudzati analembera anthu akwawo, osati ife. Zoonadi, ndipo pa chimenecho sindimuimba mlandu. Amene ndikulimbana nawo ndinu, abale anga, amene mwawerenga bukuli n'kuyamba kutilangiza pa WhatsApp kuti tisiye feteleza, ati mankhwala akuononga nthaka, tizingothira manyowa. Manyowa ndi abwino, nafenso timapanga. Koma ndi angati m'mudzi muno ali ndi ng'ombe? Mbuzi zitatu zingadyetse ekala yonse? Ndipo osenza manyowawo pamutu kuchoka pakhomo kukafika kumunda ndi mayi anu omwewo amene mumawanena kuti akalamba, azipuma.

Mgaiwa wanu tipitiriza kutumiza pa minibasi, ndi nandolo yemwe, ngakhale kalongonda kwa amene mwamusowa. Koma nanunso thumba limodzi la feteleza wobereketsa lifike mvula isanagwe. Bukulo lili kunyumba, wolifuna adutse madzulo adzabwereke.