PA BENCHI LA MSIKA: Madzi azikwera ndi kalendala

Abale anzanga a geni pa Nkhata Bay, lero tikambe za bilu ya madzi. Inu amayi ophika kondowole ndi batala m'malesitilanti, inu otsuka usipa, inu a saluni ndi a malo ogona alendo otsika pa Ilala, madzi ndi katundu wanu ngati mmene ulili ufa kapena makala. Koma ufa ukafuna kukwera timaonera patali, timamva kwa oodetsa. Madzi okha ndiwo amangotigwera ngati mphenzi.

Takumbukirani. Mu November 2021 mabungwe a madzi anakweza mitengo ndi pafupifupi K52 pa K100 iliyonse. Tisanapume n'komwe, mu June 2023 anawonjezeranso K50 pa K100 iliyonse. Tengani cholembera: amene ankalipira K10,000 anafika pa K15,200, kenako pa K22,800. Zonsezi m'miyezi 19 yokha. Kodi mbale ya nsima mungaikweze chonchi makasitomala osakuthawani? Ndiye ndalamayo imachoka kuti? Pa mpamba, basi.

Tisanamizane, a Northern Region Water Board nawonso ali ndi mfundo. Nyanja ili pakhomo pompano, inde, koma madzi sakwera okha mapiri a Nkhata Bay. Amafuna mapampu, mapampu amafuna magetsi a ESCOM. Mankhwala oyeretsera madzi, mapaipi ndi mamita, zambiri zimagulidwa kunja ndi madola, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ntchito yaikulu ya madzi m'tauni muno, imene African Development Bank inavomereza mu 2018 mothandizana ndi OPEC Fund, mbali ina ya ndalama zake ndi ngongole. Ngongole sathawa, imabwezedwa.

Choncho ine sindikunena kuti madzi asamakwere. Funso langa n'lakuti: azikwera liti, kangati, ndipo wotiuza ndani?

Gwero la vuto lili m'lamulo. Waterworks Act ya 1995 inakhazikitsa mabungwe asanu a madzi: Blantyre, Lilongwe, Southern, Central ndi wathuyu wa Northern amene likulu lake lili ku Mzuzu. Koma silinaike woyimbira mpira woima payekha. Mabungwewo ndi a boma, ndipo wovomereza mitengo ya 2021 ndi 2023 anali boma lomwelo. Mwini golosale ndi yemweyonso woyendera sikelo!

Zikatere ndale zimalowerera. Chisankho chikayandikira palibe nduna imene imafuna kumveka kuti yakweza madzi. Mtengo umakhala chiimire chaka chino, chaka chamawa, ife n'kumaomba m'manja. Uku bungwe likumira m'ngongole, mapaipi akuphulika osakonzedwa. Tsiku lina chingwe chimaduka, ndiye amatimenya kamodzin'kamodzi ndi theka lathunthu. Wa geni aliyense akudziwa kuti bola kakwere pang'ono chaka ndi chaka kusiyana ndi chibakera chotere.

Si kuti njira yake kulibe. Magetsi ali ndi MERA. Mu 2023 a ESCOM atapempha kukweza, MERA inayamba yamva maganizo a anthu pamisonkhano, kenako inavomereza 50.8 peresenti yogawidwa pa zaka zinayi, kuyamba ndi 18 peresenti mu September chaka chomwecho. Magetsi sanatchipe ayi, komabe pamenepo panali ndondomeko yolembedwa. Anzathu a ku Zambia, ndi lamulo lawo la 1997, anakhazikitsa NWASCO. Kampani ya madzi kumeneko ikafuna kukweza iyenera kupempha, kuonetsa mabuku, ndi kukumana ndi ogula madziwo. Kodi mitu ya a Zambia ndi yosiyana ndi yathu?

Nazi zimene ife a pamsika tikufuna zilembedwe m'lamulo, osati pakamwa pa nduna:

Choyamba, madzi asakwere kuposa kamodzi pachaka, ndipo mwezi wake ukhale wodziwika.

Chachiwiri, tizichenjezedwa kutatsala miyezi itatu, pa wailesi ndi pa chipupa cha msika, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa.

Chachitatu, asanakweze abwere pa boma pano, osati ku hotela ku Mzuzu kokha, atiuze madzi angati akutayika m'mapaipi obooka. Atiuzenso maofesi a boma ali ndi ngongole ya ndalama zingati, poti nkhani yoti nthambi za boma sizilipira mabilu ndi yakale. Ife a mita ya pripedi timalipira tisanamwe. Tilipirirenso mabwana?

Chachinayi, mtengo wa ndowa pa kiyosiki ndi madzi oyambirira a banja losauka ukhale wotetezedwa.

Wina ati iyi ndi nkhani ya ndalama chabe. Ayi ndithu. Ndowa ikadula pa kiyosiki, mayi satsutsana ndi munthu, amangosenza ndowa yake ulendo wa kunyanja. Mwaiwala 2022? Kolera inavuta kwambiri m'boma lino la Nkhata Bay, ndipo m'dziko lonse mliri umenewo unatenga anthu oposa 1,700. Malonda a zakudya zophikaphika anaima m'malo ambiri. Oyamba kutsekeredwa geni tinali ife tomwe.

Tsono a komiti ya msika, musamangotolera za maliro. Lembani kalata, mutengere khansala ndi phungu wanu, muwafunse poyera ngati adzaimirire ku Nyumba ya Malamulo pa nkhani ya kalendala ya madzi. Akayamba za "tikuunikabe", lembani tsikulo m'kope lomwe mumalembamo angongole.

Tionana sabata yamawa.