Makina anzeru afika, nanga ana athu adzadya kuti?

Amalonda ambiri akuti nkhani ya makina anzeru, AI, siikuwakhudza poti kompyuta siingakhale pabenchi nkumagulitsa kaunjika. Nzoona. Koma nanga mwana uja mukumulipirira fizi ndi ndalama za kaunjikayo?

Chiyambire, mwana wa mmphawi amatuluka mu umphawi kudzera pa ukalaliki: kulemba makalata, kuwerengetsa ndalama, kumasulira zikalata. Izi ndi zimene ChatGPT, yomwe idatuluka mu Novembala 2022, imachita mkamphindi, popanda alawansi kapena sitalaka.

Mu Januwale 2024 bungwe la IMF lidati makinawa akhudza ntchito 40 mwa 100 zilizonse padziko lapansi, koma m'maiko osauka ngati lathu, 26 zokha. Tisaombe m'manja, abale. Chiwerengerocho chachepa chifukwa ambirife tikadali ndi khasu. Zomwe zili pachiswe ndi zatayi zija, zomwe ophunzira akuchezera usiku.

Ena akuti kubwera ntchito zina. Zotani? Mu 2023 magazini ya Time idaulula kuti anthu a ku Kenya omwe ankasefa zolaula ndi zankhanza pophunzitsa ChatGPT ankalandira ndalama zosaposa madola awiri pa ola. Pomwe Nvidia, kampani yopanga zipangizo za makinawa, mtengo wake udafika madola 4 thiliyoni mu Julayi 2025. Si utenanti umenewu? Wolima wina, wolemera mwini esiteti.

Utenanti wa fodya Nyumba ya Malamulo idauthetsa mu 2021. Aphungu asadikire kuti wa pa intanetiwu uzike mizu. Ndipo inu ophunzira, satifiketi payokha siikwananso. Aphunzireni makinawa kuti muziwatuma ndinu.